Kasitolo ka maluwa ka pakati pa mzinda wa Ely: zimene ndaona pa zaka zitatu ndikugulapo

Ely ndi mzinda wa kum'mawa kwa England umene munthu wozolowera Blantyre kapena Lilongwe angautche tauni chabe, chifukwa anthu ake ndi pafupifupi 20,000, ndipo kuyenda pansi kuchokera pa siteshoni ya sitima kukafika pamsika sikutenga mphindi makumi awiri. Ulemu wotchedwa mzinda unabwera chifukwa cha tchalitchi chachikulu cha bishopu, chimene chinayamba kumangidwa mu 1083 pa chitunda pomwe mfumukazi ina dzina lake Etheldreda inakhazikitsa nyumba ya anthu odzipereka kwa Mulungu mu 673, ndipo chimaoneka patali kwambiri pakati pa minda yathyathyathya ya Fens. M'malo aang'ono chotere, munthu wofuna maluwa alibe kosankha kwambiri: pali masitolo ochepa amene ntchito yawo ndi maluwa basi, pali ogulitsa pamsika wa Lachinayi ndi Loweruka, pali masitolo akuluakulu a zakudya amene amaika ndowa za maluwa pafupi ndi khomo, komanso pali intaneti. Njira zonsezi ndaziyesa pa zaka zitatu zimene ndakhala kuno ndikugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo zimene ndikulemba pano zikukhudza makamaka kasitolo kamodzi ka pakati pa mzinda, kamene sindikatchula dzina chifukwa ndili nako ndi zoyamikira ndi zodandaula zomwe.

Ndiyambe ndi mmene ndinapusitsidwira ndisanakadziwe kasitoloko, popeza alendo ambiri amagwa m'mbuna yomweyo. Mnzanga wina wakuntchito atabereka mwana, ndinafufuza pa foni ogulitsa maluwa a ku Ely, ndipo tsamba loyamba kutuluka linali ndi dzina la mzindawu m'zilembo zikuluzikulu komanso chithunzi cha nsanja ya tchalitchi chachikulu. Ndinalipira mapaundi 45 kuti mtolo wa maluwa ukaperekedwe ku Littleport, mudzi wa kumpoto kwa Ely, ndili ndi chikhulupiriro chakuti munthu wa konkuno ndiye aumanga ndi kupita nawo. Tsiku lotsatira mnzangayo ananditumizira chithunzi pothokoza, ndipo ndinachita manyazi: maluwawo anafika m'katoni kudzera pa kampani yonyamula katundu, anasiyidwa pakhomo kunja kukuzizira, ambiri anali asanamasule, ndipo kuchuluka kwake sikunafike ngakhale theka la zimene ndinaona pa tsambalo. Nditawerenga bwino timalemba tating'ono ta m'munsi, ndinapeza kuti chithunzicho chinali cha mtolo waukulu wa mtengo wokwera, kuti kampaniyo inali ndi ufulu wosintha mitundu ya maluwa, ndiponso kuti inalibe sitolo ku Ely kapena pena paliponse pafupi. Lamulo la kuno lakuti munthu angathe kubweza katundu wogula pa intaneti pasanathe masiku 14 siligwira ntchito pa zinthu zosachedwa kuwonongeka monga maluwa, koma lamulo la ufulu wa ogula la mu 2015 limanena kuti katundu ayenera kufanana ndi mmene anafotokozedwera, ndipo nditalitchula m'kalata yanga yachitatu anandibwezera gawo la ndalama. Kuyambira pamenepo ndimayang'ana zinthu ziwiri ndisanalipire: dzina la msewu umene ndingathe kupitako ndi mapazi anga, ndi nambala ya foni yoyamba ndi 01353, imene ndi ya dera la Ely. Makampani odziwika monga Interflora ali ndi njira yotumiza oda kwa wogulitsa weniweni wa pafupi ndi wolandira, ndipo njirayo imathandiza ngati maluwa akupita kutali, koma gawo la ndalama limatsalira panjira, choncho palibe nzeru kudzera kumeneko pamene sitolo ili pa mtunda woyenda pansi.

Kasitolo kamene ndikunenako ndi kopapatiza, kozizira dala ngakhale m'chilimwe, pansi pake pamakhala ponyowa, ndipo munthu amayenda mosamala pakati pa ndowa zachitsulo. Fungo limene linandilandira tsiku loyamba silinali la marozi ayi, koma la bulugama, chifukwa masamba a mtengo umenewu amagwiritsidwa ntchito kwambiri kuno podzaza mitolo ya maluwa. Ndinaseka chamumtima poganiza kuti ndikulipira mapaundi pa masamba amene kwathu timafungatira nawo chimfine ndipo nthambi zake timasonkhera moto, komabe ndiyenera kuvomereza kuti mtundu umene amagulitsa kuno, wa masamba ozungulira otuwa, umakongoletsadi mtolo ndipo umauma osayoyoka. Mwini wake ndi mayi wachikulire amene amagwira ntchito ndi mtsikana mmodzi, ndipo manja awo onse awiri ndi ong'aluka chifukwa cha madzi ozizira ndi minga.

Chimene chinandimangirira ku sitoloyi chinachitika m'mwezi wa February chaka chatha, pamene agogo ena amene ndinawasamalira kwa miyezi khumi ndi isanu anamwalira. Ndinalowa m'sitolomo nditatsimikiza kale mtima kuti ndigula nkhata, chifukwa kwathu munthu amene unamuzolowera chotero sungamuperekeze chimanjamanja, ndipo ndinali nditapatula mapaundi 70. Mayi mwini sitolo aja sanafulumire kundionetsa buku la zithunzi. Anayamba ndi mafunso, ndipo anafunsa modekha ngati namwino wolemba mbiri ya wodwala: kodi malemuwo akaikidwa m'manda kapena thupi lawo likatenthedwa, kodi ndi kampani iti imene ikuyendetsa maliro, kodi mwambo ndi wa nthawi yanji, ndipo kodi ndinawerenga chidziwitso chimene banja linatulutsa. Funso lomalizali sindinalimvetse, choncho anatsegula kompyuta yawo, napeza chidziwitsocho pa tsamba la kampani ya maliro, nandionetsa mzere wonena kuti maluwa akhale a banja lokha ndipo ena onse ofuna kupepesa apereke ndalama ku bungwe lothandiza odwala matenda oiwala. Anandifotokozera kuti mabanja ambiri a kuno amachita zimenezi, makamaka ngati thupi likatenthedwa, chifukwa kumalo otenthera mitembo maluwa amangoyalidwa panja kwa masiku ochepa kenaka n'kuchotsedwa, ndipo kuti nkhata yanga ikanafika ikanaika banjalo pa mpanipani wosafunika. "Ndalama zanuzo perekani kumene apemphako," anatero mayiwo, "ndipo pakatha milungu iwiri, alendo onse atabalalika, mudzabwere tidzamange kamtolo kakang'ono kopita kwa mwana wawo wamkazi, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene nyumba imakhala zii." Ndinachita monga ananenera, ndipo kamtolo kameneko kanandidyera mapaundi 25 okha. Wogulitsa amene amabweza ndalama zili m'manja mwa wogula kuti wogulayo asachite manyazi pamaso pa anamfedwa ndi wosowa, ndipo tsamba la pa intaneti lija likanangolandira mapaundi 70 anga popanda funso lililonse.

Patapita miyezi isanu tinaferedwa ife eni, pamene bambo wina wa kwathu amene ankakhala m'dera lino anamwalira ndipo banja linasankha kuwaika konkuno m'malo motumiza thupi kumudzi. Anthu a ku Malawi okhala ku Ely, ku Cambridge ndi ku Peterborough tinasonkha, ndipo ine ndinapatsidwa udindo wa nkhata. Apa mpamene ndinaona ngati mayiwo amamvetsera kapena amangogulitsa zimene anazolowera. Mwambo wa kuno ndi woti pamwamba pa bokosi pamagona mtolo umodzi waukulu wa banja, ndipo zina zonse zimatumizidwa ku kampani ya maliro m'mawa wa tsikulo kuti zikwere m'galimoto limodzi ndi bokosi. Ndinawafotokozera kuti ife timaika nkhata pamanda mmodzimmodzi, woyendetsa mwambo akuitana mayi wamasiye, ana, akuchimuna, akuchikazi, ampingo, akuntchito ndi ena motsatana, ndipo kuti pa chifukwa chimenechi tinkafuna nkhata zisanu ndi zinayi zoti munthu anyamule ndi manja awiri popanda kudontheza madzi pa zovala. Anakhala kaye chete, kenaka anatenga pepala n'kuyamba kuwerengera. Anati nkhata zomangidwa pa siponji yobiriwira yosunga madzi zimalemera ndipo zimadontha, choncho anatilangiza nkhata zomangidwa pa mkombero wa waya wokutidwa ndi ndere, zimenenso siziwononga nthaka ya kumanda. Siponji imeneyo ndi pulasitiki yosaola, ndipo bungwe la Royal Horticultural Society linailetsa pa ziwonetsero zake kuyambira mu 2021. Analangizanso kuti ya mayi wamasiye yokha ikhale ya marozi oyera, pamene zinazo zikhale za chrysanthemum ndi carnation, maluwa otsika mtengo amene amapirira dzuwa ndi mphepo kwa masiku ambiri, ndipo potero ndalama zimene tinasonkha zinakwanira popanda kubwereranso kwa anthu. Iwo eni anaimbira foni kampani ya maliro kuti nkhatazo zisayalidwe pamanda pasadakhale monga amachitira masiku onse, koma zisungidwe pambali mpaka nthawi yoitana mayina.

Pa ntchito yomweyo panali cholakwika chimene sindingachibise. Makadi a pa nkhata anali a m'Chichewa, ndipo ndinalemba mawu onse m'zilembo zikuluzikulu pa pepala, koma mtsikana wothandizayo pokopera analakwitsa makadi awiri, moti pa ina mawu akuti "mzimu wanu uuse mumtendere" anataya chilembo chimodzi cha u n'kusanduka chinthu chosamveka. Ndinazindikira madzulo a tsiku loti mawa ndi maliro, chifukwa ndinapita dala kukaona, ndipo anakonza nthawi yomweyo akupepesa kwambiri. Ndikanakhala kuti sindinapite, makadiwo akanafika kumanda ali choncho. Aliyense wofuna uthenga wa m'chilankhulo chathu atenge makadi opanda kanthu akalembe yekha kunyumba, kapena aumirire kuti amutumizire chithunzi pa WhatsApp asanawamangirire.

Za mtengo ndiyenera kunena mosabisa kuti sitoloyi si ya munthu wofuna zotchipa. Mtolo wooneka bwino wopereka kwa munthu umayambira pa mapaundi 35 kapena 40, ndipo kukatula kunyumba kumawonjezera mapaundi angapo m'kati mwa mzinda ndi ochulukirapo ku midzi monga Haddenham, Sutton kapena Little Downham. Kunenerera kulibe, basela kulibe, ndipo chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti pa ndowa zambiri sipalembedwa mtengo, moti mlendo amachita mantha kuloza duwa asakudziwa kuti limudyera zingati. Ndinaphunzira kuti njira yabwino ndi kunena poyambirira ndalama zimene uli nazo, chifukwa mayiwo sanyoza ndalama zochepa ndipo amadziwa kumanga chinthu chaulemu ndi mapaundi 20, koma munthu sayenera kutulukira zimenezi mwangozi pamene kachikwangwani kamodzi pakhoma kakanatha kumuuza.

Nditafunsa chifukwa chake mitengo imasinthasintha, anandifotokozera njira imene maluwa amayenda, ndipo kufotokozako kunandithandiza kudziwa nthawi yogula ndi yopewa. Maluwa ambiri ogulitsidwa ku Britain amachokera kunja, ndipo ochuluka amadzera ku Netherlands, kumene kuli okushoni yaikulu ya ku Aalsmeer pafupi ndi Amsterdam. Munthu amene anaonapo malonda a fodya ku Kanengo angamvetse msanga kuti mtengo wa lero si wa mawa, kungoti kumeneko mtengo umayambira pamwamba n'kumatsika mpaka wogula woyamba atauimitsa. Marozi ambiri amalimidwa ku Kenya, m'mphepete mwa nyanja ya Naivasha, ndi ku Ethiopia, ndipo ena amachokera ku Zambia, kenaka amakwera ndege kupita ku Ulaya asanakwere lole yobwera kuno. Kuyambira mu 2024, malamulo atsopano a m'malire obwera chifukwa cha kutuluka kwa Britain mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya akufuna zikalata zotsimikizira kuti mitundu ina ya maluwa, monga chrysanthemum, carnation ndi orchid, ilibe tizilombo, ndipo ndalama za zikalatazo zimathera pa wogula womaliza. Masiku oyandikira 14 February mtengo wa rozi lofiira umakwera kuchokera ku okushoni komweko, osati chifukwa cha umbombo wa wogulitsa wa pa ngodya, ndipo mayiwo amauza poyera amuna obwera sabata imeneyo kuti ndalama zomwezo zingagule ma tulip ambiri okongola.

Mbali imene sitoloyi imaposa ena onse ndi ya maluwa a konkuno. Dera la Spalding ku Lincolnshire, limene lili m'chigawo cha kumpoto cha Fens yomweyi, ndi lotchuka pa ulimi wa daffodil ndi tulip, ndipo kumayambiriro kwa chaka ndowa za m'sitolomo zimadzaza ndi maluwa amene sanakwere ndege. M'miyezi ya June, July ndi August mayiwo amagulanso kwa alimi ang'onoang'ono a m'midzi yozungulira, ena mwa iwo ali m'bungwe la Flowers from the Farm limene linayamba mu 2011, ndipo pa nthawi imeneyi mumapezeka sweet pea wa fungo lodzaza nyumba yonse, kenaka dahlia mpaka chisanu choyamba chitawapsereza. Maluwa amenewa sakhalitsa ngati ochokera ku Netherlands, amene amasankhidwa chifukwa chopirira ulendo, ndipo mayiwo amanena zimenezi asanakulunge. Ndinawaona tsiku lina akukana oda ya ukwati ya peony wa mu September, akufotokozera mkwatibwi kuti nyengo ya duwalo kuno ndi May ndi June, ndipo kuti angathe kulonjeza mtundu wa utoto ndi maonekedwe koma osati dzina la duwa. Mkwatibwiyo anatuluka wokhumudwa, koma ine amene ndinali pamzere ndinaona kuti ndi bwino kukhumudwa mu March kusiyana ndi kulira m'mawa wa ukwati.

Kukhala mu mzinda wa tchalitchi chachikulu kumabweretsa zina zimene wogulitsa wa kutali sangazidziwe. M'kati mwa tchalitchi cha Ely ndi motalika ndi mokwera kwambiri, makamaka pansi pa nsanja ya ngodya zisanu ndi zitatu imene inamangidwa nsanja yakale itagwa mu 1322, moti mtolo umene pa tebulo la kunyumba umaoneka waukulu, m'menemo umasowa ngati kambalame pa bwalo la mpira. Maluwa a m'tchalitchimo amakonzedwa ndi gulu la anthu odzipereka la pomwepo, ndipo aliyense wochita mwambo m'menemo ayenera kugwirizana nawo, pamene wogulitsa wa kunja amakonza zonyamula m'manja, za pachifuwa ndi za kumadyerero. Matchalitchi ambiri a Anglican saika maluwa pa nyengo ya Lenti mpaka Pasaka, pamene akakombo oyera amadzaza paguwa, ndipo mdzukulu wa mnzanga wina amene anakonza ukwati wake m'tchalitchi cha m'mudzi pa nyengo imeneyo anamva koyamba za lamuloli m'sitolo ya maluwa, osati kwa akuluakulu a mpingo. Mayiwo anamuuza kuti akafunse kaye abusa asanalipire kalikonse, ndipo zinapezeka kuti analoledwa kuika maluwa pa tsikulo lokha ndi kuwachotsa mwambo ukangotha, zimene zinasintha dongosolo lonse, chifukwa anasankha zoikamo zonyamulika zimene anthu anapita nazo ku holo ya madyerero.

Tsiku la anakubala la kuno limagwa Lamulungu lachinayi la Lenti, choncho limasuntha chaka ndi chaka: mu 2024 linali pa 10 March ndipo mu 2025 linali pa 30 March. Sabata imeneyo sitoloyi imapanikizika kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo mpamene ndinaona malire a mphamvu zawo. Ndinaitanitsa mtolo wopita kwa mayi wina wachingelezi wa kumpingo kwathu amene anatilandira ngati ana ake titangofika, ndipo ndinapempha kuti ufike Loweruka m'mawa, koma unafika kutatsala pang'ono kuda, wolandirayo atadikira tsiku lonse. Foni inkangoitana osayankhidwa. Nditadandaula Lachiwiri lotsatira, anandiuza kuti galimoto ndi imodzi ndipo nthawi yeniyeni amailonjeza pa maliro ndi maukwati pokha, zimene ndi zomveka, koma zinayenera kunenedwa pamene ndinkalipira. Anandibwezera ndalama ya mayendedwe ndisanaipemphe. Ubwino wake kwa ife n'ngwakuti tsiku la anakubala la kwathu, pa 15 October, limapeza sitoloyi ilibe piringupiringu, ndipo chaka chatha apongozi anga atabwera kudzacheza ndinawagulira mtolo wa dahlia womangidwa mosathamanga, ngakhale kuti iwo anakondwera kwambiri ndi chitenje chimene chinali pambali pake ndipo anafunsa kangapo kuti maluwawo ndawagula zingati, funso limene ndinalizemba.

Nthawi yotsegulira ndi vuto lina kwa anthu ogwira ntchito ya mashifiti monga ine. Amatseka dzuwa lisanapendeke kwenikweni, Lamulungu satsegula, ndipo tsamba lawo la pa intaneti lili ndi zithunzi zochepa zakale zimene sizionetsa n'komwe luso lawo. Pakhomo pali sitepe imene imavuta munthu wa pa njinga ya olumala kapena mayi wokankha mwana, vuto la nyumba zambiri zakale za pakati pa mzindawu. Koimika galimoto si nkhawa, chifukwa malo a khonsolo a pakati pa Ely ndi aulere kwa maola ochepa.

Pa kukhalitsa kwa maluwa ndinachita kuwerenga masiku, popeza apa mpamene munthu amadziwira ngati ndalama zake zinagwira ntchito. Mtolo wa m'sitoloyi wa marozi, lisianthus ndi bulugama unakhala masiku khumi uli wooneka bwino, pamene marozi a m'sitolo ina yaikulu ya zakudya, a mtengo wochepera theka, anayamba kuweramitsa mitu pa tsiku lachisanu. Komabe sindinganame kuti masitolo akuluakulu alibe ntchito. Timitolo ta daffodil ta paundi imodzi timene amagulitsa kuyambira January ndi tabwino kwambiri pa zenera la kukhitchini, ndipo palibe chifukwa chopitira kwa katswiri pa zimenezo. Pamsika wa pa Market Place maluwa amakhala atsopano ndipo mtengo umatsika msika ukamatsekedwa, koma munthu amanyamula yekha ndi kukamanga yekha. Kusiyana kwenikweni n'kwakuti mayi wa m'kasitolo kaja sakulola kutuluka asanakuuze kasamalidwe: kudula timitengo mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa, kuchotsa masamba onse amene angamire m'madzi, kusintha madzi pakapita masiku awiri, ndi kuika maluwa kutali ndi chotenthetsera m'nyumba komanso kutali ndi nthochi kapena maapozi, chifukwa zipatso zikamapsa zimatulutsa mpweya wofotetsa maluwa. Anandichenjezanso kuti daffodil wongodulidwa kumene amatulutsa utomoni umene umapha tulip akaikidwa m'madzi amodzi.

Mafunso awo amafika ngakhale pa zinthu zimene ine sindikanaziganizira. Nthawi iliyonse ndikatchula akakombo amafunsa ngati kunyumba kolandirako kuli mphaka, chifukwa duwa limeneli, ngakhale mungu wake wokha, limawononga impso za amphaka, ndipo nyumba zambiri za kuno zili ndi mphaka amene amaonedwa ngati wa m'banja. Nditafuna kutumiza maluwa kwa mnzanga amene anagonekedwa ku chipatala cha Addenbrooke's ku Cambridge, anandiuza kuti ndiyambe ndafunsa kuwodi, popeza mawodi ambiri a zipatala za kuno salola maluwa pofuna kupewa matenda ndi kutayika kwa madzi pafupi ndi zipangizo za magetsi, ndipo tinagwirizana zodikira kuti wodwalayo atuluke. Za kuntchito kwanga, kumene okalamba ena amatha kuika m'kamwa chilichonse chimene achipeza, amandisankhira maluwa opanda poizoni ndi opanda minga, ndipo amawamanga m'kabokosi kokhala ndi madzi ake kuti anamwino asavutike kufunafuna botolo.

Kwa munthu wa ku Ely kapena midzi yozungulira amene akufuna maluwa a maliro, a ukwati kapena opereka kwa munthu amene amamulemekeza, sitoloyi ndingamulozere ndi mtima umodzi, pokhapokha apite yekha m'malo moimba foni, anene ndalama zake poyamba, ndipo ngati ndi sabata ya 14 February kapena ya anakubala akatenge yekha mtolowo m'malo modalira galimoto yawo. Oda ya ukwati imafuna miyezi ingapo, ya maliro masiku atatu kapena anayi, ndipo mtolo wamba amamanga munthu akudikira ngati m'sitolo mulibe anthu ambiri, makamaka Lachiwiri ndi Lachitatu m'mawa. Mwezi wamawa tikukaika mwala pamanda a bambo a kwathu aja, ndipo ndapereka kale oda ya nkhata zitatu za pa waya ndi ndere. Makadi ake ndawatenga opanda kanthu, ali m'chikwama changa, ndipo ndidzawalemba ndekha.